Mutu 5: Tomato pa Bwalo la Netibo

1. Lachitatu la atsikana

Mwina mwaiwala, ndine Miracle uja, mwana wa a Mateyu. Kusukulu amangoti Mira. Ena amati Wayilesi, koma amenewo ndi ansanje basi. Ine ndimangofotokoza zimene ndaona anzanga asanaone. Ndili mu Sitandade 7 pasukulu ya pulayimale ya kwathu kuno kwa Nthache, ndipo nkhani iyi ndikamaikumbukira mtima umandiwawabe.

Tiyambe ndi Lachitatu. Pa ndandanda umene unamatidwa pakhomo la ofesi analemba bwinobwino kuti Lachitatu tikaweruka ndi nthawi ya masewera. Sanalembe kuti anyamata okha ayi. Koma mudzabwere mudzaone. Belu likangolira, anyamata amavula malaya n'kuthamangira ku bwalo la mpira wa miyendo. Ife atsikana timatenga zidebe n'kulunjika ku mjigo, kutsidya kwa msewu, kukatunga madzi odzaza madramu anayi. Masewera athu ndi amenewo. Kusenza.

Zinayamba nthawi ya korona, ine ndili mu Sitandade 3. Sukulu zitatsegulidwanso, pakhomo la kalasi iliyonse anaikapo chidebe cha mpopi ndi sopo kuti tizisamba m'manja. Zinali zabwino, sindikutsutsa. Koma madziwo atunge ndani? Aphunzitsi anati, "Atsikana, tithandizeni kwa kanthawi kochepa chabe, mpaka matendawa atatha."

Matenda anatha. Mamasiki tinataya, zingwe zake anyamata anamangira zikulunga. Kenako kunabwera kolera, akuti pitirizani. Kolera nayo inapita. Kanthawi kochepa kaja kakwanitsa zaka zinayi, abale! Kakadakhala kamwana bwenzi pano kali ku sukulu ya mkaka.

Si zokhazo zimene korona anatisiyira. Asembule inatha. Kale Lolemba ndi Lachisanu tinkafola pansi pa mitengo ya mango, kuimba, kupemphera, kumva zolengeza, ndipo wodandaula ankakweza mkono. Pano a Hedi amalemba kapepala, kapepalako n'kumayenda kalasi ndi kalasi. Kapepala mungakafunse funso? Msonkhano wa makolo nawo unasamukira pa Watsapu. Bambo anga foni yawo ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira. Nkhani za sukulu amazimva kwa ine, ndiye anthu n'kumadabwa kuti Mira amalongolola.

Koma chondipweteka koposa ndi bwalo lathu la netibo. Sukulu zitatsegulidwa, masewera asanayambirenso, anthu ena analilima. Tsiku lina tinangopeza mpanda wa udzu, m'kati muli tomato. Mitengo iwiri ya zigoli ikadali chiimire, wina kuno wina uko, mikombero itachita dzimbiri. Pa wina anapachikapo chisaka chong'ambika choopsezera nkhuku. Chigoli chathu! Ndipo madzi otsala m'madramu aja mukuganiza kuti amapita kuti? Kukathirira tomato yemweyo.

2. Zimene ndinamva ndikusesa

Lolemba ndinali kusesa pakhonde la ofesi. Ndisaname, khonde limenelo ndimalikonda, chifukwa zenera lake lilibe galasi.

M'kati munali a Hedi ndi Madamu Ursula, mphunzitsi wathu wa Chingerezi amene anabwera chaka chatha kuchokera ku Dedza. Madamu anali atagwira kalata.

"Bwana, mipikisano ya ku zoni yayambiranso, ndi netibo yomwe," anatero Madamu. "Akufuna mayina a osewera pofika Lachisanu masana. Inu mungosayina, zotsalazo ndichita ndine."

"Anyamata tumizani," anayankha a Hedi. "Atsikana alibe bwalo. Asewerera pati, m'tomato? Tiona chaka chamawa."

Chaka chamawa! Pasukulu pathu a Sitandade 8 saloledwa kusewera, akuti mayeso. Kwa ife a 7 chaka ndi chino, china kulibe.

Tsache ndinalisiya pomwepo, n'kuthamangira kwa Deliwe.

Deliwe ndi mnzanga wapamtima, wamtali ngati mtengo wa chigoli womwewo. Ali ndi zaka 16, chifukwa sukulu zitatsegulidwa iye anachedwa kubwerera chaka chathunthu. Ankathandiza azakhali ake kugulitsa zipatso za manachesi ku malire a dziko. Kuwerenga kumamuvuta, ndipo anyamata amamunena kuti ndi agogo a kalasi. Koma mupatseni mpira muone. Loweruka timakasewera kuseri kwa tchalitchi, chigoli chathu ndi dengu lobooka lomangirira ku bulugamu, ndipo Deliwe saphonya ngakhale atatsinzina.

"Deli, za ku zoni zayambiranso!" ndinatero ndikupuma befu. "Koma a Hedi akukana kusayina."

Sanadabwe n'komwe. "Ndinadziwa. Mira, ine ndatopa. Azakhali andiitana, akuti manachesi apsa ndipo madalaivala a mathiraki akugula ngati amisala. Kuno ndimabwera kudzatani? Kudzasekedwa ndi kudzasenza madzi? Madzi kwathunso aliko."

"Dikira mpaka Lachisanu, ndakupempha."

"Chabwino. Koma Lachisanu dzina langa likapanda kupita ku zoni, ine wa ku malire. Sindibwereranso."

Deliwe salankhula zambiri ngati ine. Akanena, wanena.

3. Beseni

Lachitatu linafika. Tikudutsa pambali pa bwalo la anyamata zidebe zili kumutu, wina anakuwa, "Fulumirani masisteri, tikamaliza tifuna kusamba mapazi!" Anzake anafa nako kuseka. Ine ndinamuyankha mawu amene sindingalembe m'buku muno.

Ulendo wachitatu, ndikuchokera ku mjigo, ndinaona chinthu. Amake Sankhani, mayi wa m'mudzi mwathu amene amapezekapezeka pasukulu, anatuluka m'dimba la tomato muja atasenza beseni lodzaza tomato, lofunditsa chitenje. Anayang'ana uku ndi uku, n'kulowa m'nyumba ya a Hedi kudzera khomo lakuseri. Potuluka, beseni linali lopanda kanthu.

Basi. Ndinaona zokhazo. Koma pobwerera ku mjigo pakamwa panga panali patayabwa kale.

"Amwali, tatsitsani zidebezo ndikuuzeni. Mukudziwa chifukwa chake akutikaniza netibo? Tomato uja ndi wa a Hedi! Amake Sankhani amawathyolera, iwo n'kumakagulitsa ku boma. Bwalo lathu, madzi athu, makosi athu, phindu lawo!"

"Wayamba bodza lako iwe, Wayilesi," anatero wina.

"Bodza? Ndaona ndi maso angawa! Alowera khomo lakuseri, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku."

"Eti! Khomo lakuseri?"

"Lakuseri, mayi wanga!"

Pa mjigo panalinso amayi ena akudikira kutunga, kuphatikizapo aja amatiphikira phala kusukulu. Anangokhala ngati sakumva, koma palibe anapopa mjigo mpaka nditamaliza.

Nkhani inachoka pamenepo ili yaing'ono, n'kumakula panjira. Wina anati njinga yamoto ya a Hedi inagulidwa ndi tomato. Wina anati amake Sankhani amalowa m'nyumba muja tsiku lililonse. Lachinayi m'mawa inabwerera kwa ine mwini wake itasintha nkhope. Kamtsikana ka mu Sitandade 5 kanandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti amake Sankhani ndi chibwenzi cha a Hedi, ndipo amuna awo awathamangitsa panyumba.

"Asa! Wamva kwa ndani zimenezo?"

"Akuti mwaona ndinu."

M'kalasi Deliwe anachoka pa desiki yathu n'kukakhala kumbuyo. Nthawi yopuma ndinamutsatira.

"Wawononga zonse," anatero osandiyang'ana. "Ukuganiza kuti a Hedi angasayinenso tsopano? Pakamwa pakopa, Mira!"

"Koma ndimamenyera iweyo!"

"Sindinakutume."

4. M'dimba

Tikuweruka, amake Sankhani anali chilili pa chipata cha mpanda wa udzu, maso ali ofiira.

"Iwe mwana wa a Mateyu, tabwera kuno."

Ndinalowa. Aka kanali koyamba kuponda pabwalo pathu paja chilimireni. Anandikhazika pa chidebe chovundikira, pansi penipeni pa chigoli, n'kumasula mfundo ya chitenje chawo.

"Ichi ukuchidziwa?"

Ndinachidziwa. Kanali kansalu kosoka kaja ka masiku a kumwezi, kamene Madamu Ursula amatipatsa mwakachetechete. Teremu yatha nanenso ndinalandira tiwiri, ndi sopo yemwe.

"Ukuganiza kuti timeneti timagwa kuchokera kumwamba?" anatero. "Ife a gulu la amayi tilipo khumi. Sukulu zitatsekedwa nthawi ya korona tinataya atsikana ambiri pano. Ena mimba, ena maukwati, ena ku malire. Zitatsegulidwa tinayenda khomo ndi khomo kukawabweza. Mnzako Deliweyo ndinakamutenga ndine, patapata anandidukira panjira. Amene anabwerera ankajomba sabata yathunthu mwezi uliwonse chifukwa chosowa chovala. Ndiye tinati tilime tomato, tizigulitsa, tizigula nsalu ndi sopo. Makina osokera ali m'nyumba ya a Hedi chifukwa ndi mokhamo muli chitseko chokhoma, ndipo amasoka ndi akazi awo. Tomato timasunga momwemo podikira wa njinga wodzapita naye kumsika. Ndimalowera kuseri chifukwa matope a m'dimba sindingapondetse pabalaza pa eni ake. Ndinayang'ana uku ndi uku chifukwa galu wawo amaluma."

Galu! Galu ameneyo nanenso anandithamangitsapo.

"Tsopano tamvera," anapitiriza. "Ine ndakhala pabanja zaka makumi awiri ndi zitatu, sindinaitanidwepo kwa ankhoswe. Lero m'mawa amuna anga anditulutsira chikwama panja, ana akuona, chifukwa cha mawu a mwana wa Sitandade 7. Iwe unalankhula kamphindi kamodzi pa mjigo n'kupita kwanu kukadya. Ine ndiyenda zaka zingati m'mudzi muno anthu akundiloza? Ukaona beseni, mwana wanga, waona beseni basi. Zotsalazo funsa. Pakamwa pomwe unanenera bodza ndi pomwe ukanafunsira. Ukanati, 'Mayi, tomatoyu akupita kuti?' ndikanakuyankha ndili chiimire, beseni lili kumutu. Si iwe wekha amene uli ndi khalidwe limeneli, ndikudziwa. Koma woyambitsa ndi amene amasenza zonse, ndi zimene anawonjezera ena zomwe."

Misozi inangotuluka yokha. Ndinagwada. "Pepani, mayi. Ndalakwa."

Koma nditadzutsa mutu ndinaona chisaka chija chikulendewera pa chigoli, ndipo mtima unawiranso.

"Mayi, poti mwati ndizifunsa, ndifunse. Bwanji munalima pabwalo pathu? La anyamata ndi lalikulu katatu, munalisiya bwanji? Nanga bwanji sitinauzidwe?"

Analoza madramu aja. "Pano ndi pafupi ndi madramu, ndipo nthawi imeneyo palibe ankasewera. Tinafunsa pa gulu la pa foni. Palibe anakana."

"Pa gulupo pali mtsikana ndi mmodzi yemwe? Mayi anga alipo? Ife tikanakanira kuti, poti asembule kulibe, msonkhano kulibe?"

"Funso limenelo ndi labwino," anatero, "koma waliipitsa wekha. Ndani amvere funso la munthu wabodza? A Hedi akuti mawa m'mawa upite ku ofesi ukapepese, chitseko chili chotseka, nkhani ithere pomwepo."

"Nanga abambo ake a Sankhani amva bwanji, chitseko chili chotseka?"

Anatola kheni n'kuyamba kuthirira.

Kunyumba ndinapeza bambo akumasula zingwe pa njinga, atangofika kuchokera ku boma kokagulitsa makala. Nkhani anali ataimva kale panjira.

"Miracle, khala apo," anatero. "Ine sukulu ndinalekezera mu Sitandade 4, ndipo tsiku lililonse ndimakankha matumba pa zitunda za ku boma kuti iwe usalekezere panjira. Mawa ukalowe mu ofesimo, ukagwade, ukapepese, ukatuluke. Usakawonjezere liwu ndi limodzi lomwe. Za mpira uzisiye. Akuluakulu akakonza zinthu amakhala ndi chifukwa chawo, ngakhale iwe sukuchiona. Ukakachita makani akuchotsa sukulu, ndipo ine ndilibe kwina kokupititsa. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Kumva ndinamva ndithu.

5. Belu

Lachisanu ndinalawirira. Ndinadutsa njira yachidule ya m'munda mwa nandolo, osadzera kwa Deliwe monga mwa masiku onse. Ndinkaopa nkhope yake.

Ukalowa pasukulu pathu, ofesi ili kumanja. Kumanzere kuli mtengo wa mango pamene panapachikidwa belu, chitsulo cha tayala la lole. Lolowera m'kalasi amamenya katatu. La asembule linali lomenya mosalekeza mpaka mkono utatopa, ndipo palibe analimenya kwa zaka zinayi.

Amayi a gulu anali m'dimba. Amayi a phala anali pamoto pawo, chapafupi pomwepo. Ana anali atangolowa m'makalasi. Ndinayang'ana chitseko cha ofesi, ndinayang'ana belu, n'kukhotera kumanzere.

Ngwe! Ngwe! Ngwe! Ngwe! Sindinasiye.

A Sitandade 8 ndi a 7 anatuluka, miyendo yawo inakumbukira yokha, anafola m'mizere. Koma ana a 1 mpaka 4 sanaonepo asembule chiyambire sukulu. Ena anathawira kuchimbudzi poganiza kuti kwabwera a katemera. Ena anabwera ndi makapu a phala. Ena anakhala pansi mozungulira ngati akudzaonera gule. Taonani, theka la sukulu losadziwa kufola! Aphunzitsi anavutika kuwakoka mmodzimmodzi.

A Hedi anatuluka atakwinya nkhope. "Wamenya belu ndani?"

"Ndine, Sala."

"Ndinati ubwere ku ofesi."

"Bodza ndinalinena pagulu, Sala. Ndiloleni ndilibweze pagulu."

Anandiyang'ana. Kenako anayang'ana amake Sankhani, amene anali atatuluka m'dimba, manja ali matope okhaokha.

"Lankhula," anatero. "Mwachidule, ngati umatha."

Ndinakwera pa sitepe ya ofesi.

"Lachitatu ndinanena kuti tomato ndi wa a Hedi. Ndinanama. Ndinangoona beseni, zinazo ndinapeka. Zimene anthu anawonjezera zokhudza amake Sankhani nazonso ndi bodza lenileni. Tomato ndi wa gulu la amayi, ndipo amathandiza ife atsikana tomwe. Amake Sankhani, pepani. A Hedi, pepani. Amayi a phala, monga munanyamulira bodza lija, munyamulenso izi mpaka zikafike kwa abambo ake a Sankhani."

Ana anaseka. Amayi a phala anayang'ana mu mphika.

Pamenepo ndiye ndikanatsika. Mawu a bambo ankalira m'makutu. Koma ndikanatsika, pepala la ku zoni likanapita lopanda ife.

"Ndili ndi funso, Sala. Korona anatha. Mpira wa anyamata unabwerera. Ife tinauzidwa kuti kanthawi kochepa. Kodi m'manja amasamba ndi atsikana okha? Bwalo lathu linatengedwa osatifunsa. Lero ndi tsiku lomaliza la mayina. Ifenso tikufuna kusewera."

Atsikana anaomba m'manja, ena mpaka nthungululu. Anyamata anang'ung'udza. A Hedi anakweza mkono, ndipo ponse panati zii.

"Ana inu, tamverani," anatero. "Belu limeneli ndinaletsa ndine, ndipo sindinaletse chifukwa cha ulesi. Ambiri a inu munali aang'ono. A Hedi amene analipo ine ndisanakhale pampandowu anaima pomwe waima Miracle apa Lachisanu lina, akutsokomola pang'ono chabe. Patatha masiku khumi tinawaika m'manda. Tinalipo anthu owerengeka, titaima motalikirana, osapatsana ngakhale chanza. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona ana ataunjikana malo amodzi chonchi, ndimakumbukira maliro amenewo. Zidebe zija musazinyoze. Kolera itavuta, pasukulu pano sitinataye mwana ndi mmodzi yemwe. Matenda ena adzabweranso, mwina inu muli makolo, ndipo mudzatseka mabwalo, mudzaletsa misonkhano monga tinachitira ife. Mudzachite, musadzazengereze. Koma mudzalembe penapake tsiku lodzatsegula. Ife tinaiwala. Tinatseka pamene ana amafunsira mafunso, ndiye mafunso anu anakatulukira ku mjigo atasanduka mabodza. Pamenepo ndalakwa ndine."

A Hedi kunena kuti ndalakwa! Nkhani yokoma chonchi, ine osatha kuuza munthu, poti onse anamva okha.

"Asembule iyambiranso Lolemba," anapitiriza. "Madzi, Lachitatu ili atsikana, linalo anyamata. Amene wati 'aaa' kumbuyoko ayamba yekha lero. Dimba silichoka, ntchito yake mwaimva. Bwalo la netibo likhala kumapeto kwa la anyamata, ndipo mitengo ya zigoli tisamutsira kumeneko."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Koma iwe Miracle, usaganize kuti wapambana. Kupepesa sikubweza zonse. Mayi awa anyozeka pamaso pa ana awo chifukwa cha iwe, ndipo belu la sukulu si chidole. Pamalo pa bwalo latsopano pali zitsa zisanu. Uzula ndiwe. Mayina ndisayina, lako lomwe. Koma masewero oyamba ukakhala kunja, ukasunga madzi akumwa a anzako."

Madzi omwewonso! Ndinafuna kuyankha, koma Madamu Ursula ananditsinzinira diso, ndipo ndinameza.

6. Dzina loyamba

Madamu sanadikire kuti a Hedi asinthe maganizo. Anatulutsa pepala pomwepo, n'kulitsamiritsa pa buku.

"Shuta wathu, womwetsa zigoli, ndani?"

"Deliwe!" atsikana onse anakuwa pamodzi.

Madamu analemba. "Deliwe, bwera uime apa."

Palibe anasuntha.

Ndili pa sitepe paja ndinayang'ana mzere wa Sitandade 7, kumbuyo kumene mutu wake ukanaonekera pamwamba pa onse. Kunalibe. Pamene ndinkalankhula ndinali ndi mantha moti sindinaone n'komwe.

Thandie, amene amakhala moyandikana ndi a Deliwe, anakweza mkono pang'onopang'ono.

"Madamu, Deliwe wapita m'mamawa. Ndamuona akukwera kabaza ndi madengu awiri a manachesi. Yunifolomu wapatsa mng'ono wake. Anati a Hedi sangasayine pambuyo pa zimene ananena Mira."

Maso onse anabwerera kwa ine.

A Hedi anatenga pepala lija, anawerenga mayina, n'kusayina. "Pepala lipita masana ano," anatero. "Koma ku zoni amafuna wosewera amene akubwera kusukulu. Lolemba pa asembule Deliwe akapanda kuima pamzere, dzina loyambali ndilifufuta."

Ana anabalalika kulowa m'makalasi. Ine ndinatsala pa sitepe. Amake Sankhani anabwera akupukuta manja pa chitenje, n'kuima patsogolo panga.

"Ulendo woyamba ndinakamutenga ndine," anatero. "Uno ukamutenga ndiwe. Mawa m'mawa undipeze pa siteji ya minibasi, bambo ako ndikawauza ndekha. Ine ndingokuperekeza mpaka ku malire. Kulankhula ukalankhula ndiwe, poti umatha."

"Nanga akakakana, mayi?"

"Ndiye udziwa kuti pa mjigo paja unagwetsa chiyani. Tayeserera pano. Tayerekeza kuti ine ndine Deliwe, ndakhala kuseri kwa madengu anga, sindikufuna ngakhale kukuyang'ana. Undiuza chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa, ine Mira, Wayilesi ya sukulu yonse. Simunatuluke kanthu.